Ulusi Woterera

Mayi wa lesitilanti ya pangodya anafika kushedi kwathu m'mawa, chogwirira cha poto chili m'manja, chothyoka pakati. Moni sanapereke. Anachiponya patebulo la achimwene n'kunena kuti wophika wake anatsala pang'ono kupsa miyendo, poto wa msuzi wowira atamupulumuka chifukwa cha zinyalala zomwe timagulitsa.

"Paja mumati zanuzi sizimva moto," anatero mayiyo. "Nanga ichi n'chiyani?"

Achimwene anapepesa, anamupatsa zogwirira zina zatsopano, n'kumuperekeza mpaka pageti akumwetulira. Kumwetulirako kunathera pageti pomwepo. Pobwerera analunjika kwa ine.

Shediyo ndi ya achimwene, mwana woyamba kwathu. Timapanga zogwirira za mapoto ndi maketulo, komanso timatabwa toikapo mbale zotentha. Timagula zigubu zakale za pulasitiki, timazigaya, timazisungunula, kenako timasakaniza ndi ulusi wa khonje wodulidwa mwaufupi. Pulasitiki payekha ndi wolobodoka, akamva kutentha amapindika. Ulusi ndiwo umamupatsa msana. Koma ulusi wongochoka kumunda uli ndi phula pamwamba pake, ndipo pulasitiki sagwira paphula. Ndiye umayamba waviikidwa m'madzi a soda waukali uja wotsukira mapaipi. Sodayo amadya phula, ulusi umakhakhala, pulasitiki amapeza pogwira, ndipo chinthucho chimatuluka cholimba, chopirira moto. Vuto lake soda sadziwa polekera. Ukapanda kumutsukuluza yense, amapitiriza kudya ulusi womwewo, makamaka ukalowa m'makina otentha.

Tinalipo atatu. Achimwene ankagula, kugulitsa ndi kukalipa. Ine ndinali pamakina osungunula ndi pazikombole. Kuseri kwa shedi, kumigolo ya soda ndi ya madzi, kunali kwa Bambo athu.

"Wawonjeza moto iwe," anatero achimwene. "Ndinakuuza kale kuti umathamanga."

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo kwathu amadziwa. Mpake Bambo amanditcha Namoto. Ndinatola chogwirira chija n'kuchimenya ndi hamala mpaka chinagawanika. Pulasitiki anali bwinobwino, mtundu wake womwewo. Ulusi wa m'kati ndiwo unali utada ngati masamba a tiyi, ndipo ukaukhudza unkangofumbutuka.

"Onani apa achimwene. Moto wanga ukanapsereza ulusi wokha n'kusiya pulasitiki? Moto umasankha?"

"Ndiye ukuti chiyani?"

Yankho linali kuseri kwa shedi, ndipo sindinafune kuliloza ndi chala.

"Ndiona," ndinatero.

Ndinawapeza Bambo atavala apuloni yawo ya labala, akuvuula ulusi mumgolo womaliza. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kamodzi tsiku lililonse. Kumgolo wa soda ankavala magolovesi aatali ofika m'zigongono. Ulusi ankausamutsa mgolo ndi mgolo, akusintha madzi, mpaka kumapeto. Pamenepo ankavula golovesi la kumanja, n'kutsina kaulusi, n'kukatikita pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, maso atatsinzina ngati akumvera wailesi yakutali. Ukaterera ngati sopo, soda akadalimo, ubwerere m'madzi. Ukakhakhala, wayera, upite pathandala kukauma. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera kuhotela komwe anachapa nsalu moyo wawo wonse, ndipo zala zawo sizinatinamizepo.

Tsiku limenelo anatikita, anagwedeza mutu, n'kuponya ulusi mubeseni lopita kuthandala.

"Bwanji Namoto, makina akutopetsa? Wabwera kudzaphunzira ntchito ya anthu akuluakulu?"

"Ndangobwera kudzapuma utsi, Bambo."

Atatembenuka kukatsegula mpopi, ndinapisa dzanja mubeseni muja. Ulusi unaterera m'zala zanga ngati ndagwira sopo wonyowa. Ndinayesa pena, chimodzimodzi. Maso anga anapita pa dzanja lawo lomwe linali pampopi. Nsonga za zala zinali zonyezimira, zosalala, zouma gwa, mizere yonse itafufutika. Soda wochepachepa wa tsiku ndi tsiku anali atazidya mwakachetechete. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti masiku amenewo Amayi ndiwo ankawamangira mabatani a malaya, ife n'kumaseka kuti chikondi chabwerera kuukalamba.

"Bambo, ulusi uwu ukuterera."

"Wayera umenewo."

"Ukuterera, Bambo. Tagwiraninso."

Anagwira. Anatikita nthawi yaitali kuposa kale, maso ali otsegula. Kenako anapukuta dzanja paapuloni.

"Manja ako ali ndi mafuta a makina," anatero. "Chilichonse chiterera."

Ndinawauza za mayi wa lesitilanti ndi ulusi wakuda. Ndinawauzanso kuti kusitolo ya mankhwala kuli timapepala toviika m'madzi, tomwe timasintha mtundu ngati soda akadalimo, ndipo sitivuta kupeza. Ndinalankhula mofatsa mmene ndingathere, zomwe kwa ine ndi ntchito yaikulu.

Bambo anaseka, koma kuseka kwa m'mphuno. "Kapepala. Kapepala aliyense angaviike, mwanangu. Ngakhale mlamu wako uja amangokhala pakhomo akupenta zikhadabo angaviike. Mlongo wako akadziwa kuti ntchito yanga ndi ya kapepala, andisungiranji kuno?"

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Achimwene sanafune n'komwe kuti Bambo azigwira ntchito kushedi. Ankati munthu wamkulu azipuma, komanso anzawo aziti chiyani kuona bambo wa mwini shedi atavala apuloni. Koma ife tinaona kupumako. Atasiya ntchito kuhotela, Bambo ankadzuka, kusamba, n'kukhala pampando wa pabalaza kuyang'ana khoma mpaka dzuwa kulowa. Anaonda, anasiya nthabwala, anasiya ngakhale kukangana ndi Amayi. Amayi ndiwo anachita kumugwadira mwana wawo yemwe kuti awapezere chochita. Atawapatsa migolo ija, munthu anadzukanso. Ankafika kushedi ife tisanafike, akuimba mluzu. Kuwachotsa kumigolo kunali kuwabwezera pampando uja, ndipo ine mpandowo ndinkauopa.

Ndiye ndinabwerera kwa achimwene n'kumeza mkwiyo wanga.

"Mwina ndi motodi," ndinatero. "Ndichepetsa."

"Waona? Ukanangovomera poyamba." Anatero akudzimva, ine mano ali gwa.

Moto sindinachepetse, unalibe mlandu. Chomwe ndinkachita, nthawi ya nkhomaliro Bambo akapita kukagula buledi, ndinkathamangira kuseri, kutenga ulusi wonyowa pathandala, kuutsukuluzanso pampopi mpaka ukhakhale, n'kuubwezera. Ndinkadziona wochenjera. Koma munthu amene wayanika nsalu moyo wake wonse amadziwa mmene wasiyira chinthu pathandala. Sipanapite masiku ambiri, ndinawapeza ataima pakhomo la kuseri, buledi ali m'khwapa.

"Ndani akuyala ulusi wanga ngati nkhuku yapalasa?"

"Ndine, Bambo."

"Ine ndimabwera kumakina ako?"

"Ayi."

"Ndiye iwenso usamaponde kumigolo yanga. Ndamva zomwe unanena. Ndikonza ndekha."

Kuyambira tsiku limenelo, popita kukagula buledi ankakhoma chitseko cha kuseri, kiyi n'kuika m'thumba. Ine ndinangoti basi, zogwirira ziyambenso kuthyoka, achimwene adziwe okha. Chogwirira choyamba cha mtanda uliwonse wa pulasitiki ndinkachiswa ndi hamala ndikudikira kuona zakuda. Koma ulusi unkatuluka woyera, wolimba, wogwirana ndi pulasitiki moti kuusolola unkachita kuduka. Ndinaika china pa mbaula yotentha, sichinapindike. Mtanda wotsatira chimodzimodzi. Mayi wa lesitilanti anabweranso, ulendo uno ndi moni, kudzaitanitsa zina. Achimwene ankauza aliyense kuti anachita kundiphunzitsa kasungidwe ka moto. Ndinawasiya, mtima wanga unali m'malo. Ndinkaganiza kuti Bambo angowonjezera madzi, akutsukuluza kambirimbiri osadalira zala.

Amayi ndiwo anayamba kudandaula. Ndinapita kukawaona Loweruka masana, ndinawapeza akutsuka makapu mokalipa.

"Bambo akowa andikwana," anatero. "Tiyi akuti azizire kaye, amwa ngati madzi a pampopi. Chakudya akuti ndachulutsa mchere. Ine ndaphika zaka zonsezi, lero ndiye ndayamba kuchulutsa mchere? Malalanje omwe ankalimbirana ndi adzukulu akungowayang'ana. Ukawafunsa akungoti mm, mm, ngati pakamwa pali madzi."

"Mwina ndi mano, Amayi."

"Mano ake ati? Atsala angati?"

Tinaseka. Ine sindinaganizepo kanthu, ndipo zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Sabata yotsatira magetsi anazima m'mawa, makina anga n'kuima. Posowa chochita ndinazungulira kunja kwa shedi, kumene kuli mpanda wa waya woonekera kumigolo. Bambo anali pamgolo wapakati, osati womaliza. Anavula golovesi, anatsina kaulusi, anayang'ana kuchitseko. Kenako anatulutsa lilime n'kukagunditsa pansonga pake. Nkhope yonse inakwinyika ngati alumidwa ndi mavu. Analavula, anachukucha m'kamwa ndi madzi a m'botolo, n'kubwezera ulusi m'madzi. Anapita pamgolo wotsatira, anachitanso chimodzimodzi.

Sindikudziwa mmene ndinadutsira m'shedi. Ndinangozindikira ndili pamaso pawo.

"Bambo! Mukunyambita soda?"

"Tsitsa mawu."

"Sinditsitsa! Mukudziwa chomwe soda amachita ndi phula, ndiye lilime lanu n'lolimba kuposa phula?"

"Ndi wosungunuka kale ameneyu, wochepa. Amangoluma pang'ono. Akasiya kuluma ndiye kuti wayera." Ankalankhula mosamala, mawu akutuluka olemera. "Waona wekha ulusi mmene ukutulukira. Unayamba wauona woyera chonchi?"

"Tsegulani pakamwa."

"Namoto, ndine bambo ako."

"Tsegulani pakamwa, Bambo, apo ayi ndikuwa mpaka achimwene abwere."

Anatsegula. Nsonga ya lilime inali yoyera mbuu ngati nyama yofutsa, m'mbali muli zilonda zofiira, mlomo wa m'munsi utasupuka m'kati. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kulira, kulira kwa ukali, chifukwa ndinkafuna kuwamenya ndi kuwakumbatira nthawi imodzi.

"Zala zinafa, ndavomera," anatero Bambo. "Unanena zoona tsiku lija. Ndinapita kunyumba, ndinagwira sopo, ndinagwira mwala, zonse chimodzimodzi. Koma lilime likadali moyo. Kale opanga sopo ankayesa chonchi, si zachilendo."

"Nanga lilime likafa muyesa ndi chiyani? Diso?"

Anatola botolo lija n'kuchukuchanso m'kamwa.

"Muzindiitana ine," ndinatero. "Mukafika pamgolo womaliza, mugogode khoma, ndibwere ndigwire. Achimwene sadziwa."

"Ndiye ine ndikhala ndani? Wotunga madzi?"

"Mukhala munthu wa lilime lake."

Anayang'ana migolo yawo nthawi yaitali. Kenako anati chabwino, asiya, azigogoda khoma, bola ndisamuuze mlongo wanga. Ndinalonjeza. Magetsi anayaka, ndinabwerera kumakina.

Anagogodadi tsiku limenelo ndi lotsatira. Ndinkapita, ndinkagwira, ndinkanena. Koma ndinazindikira kuti nthawi iliyonse akandiitana, ulusi unali woyera kale. Sanandiitanirepo woterera ngakhale kamodzi. Munthu wa zala zakufa angadziwe bwanji nthawi yeniyeni yogogoda? Ndinazimitsa makina mwadala n'kuzungulira kumpanda kuja. Ndinawapeza akulavula.

Sindinalowe kuseri. Ndinapita molunjika patebulo la achimwene, ndisanazizire mtima, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikazizira sindinena. Ndinanena zonse, kuyambira chogwirira cha mayi wa lesitilanti, zala, mpaka lilime. Ndinkayembekeza kukalipa. Achimwene anangoika cholembera patebulo.

"Ndiye moto uja sunachepetse?" anafunsa.

"Zoona achimwene, pa zonse ndanenazi mwamvapo za moto?"

Anaimirira n'kupita kuseri. Ndinamva mpopi ukutsekedwa. Sindinamve mawu okweza. Patapita kanthawi anatuluka onse awiri, Bambo atavula apuloni, achimwene atanyamula kiyi wa chitseko chija. Bambo anadutsa pafupi ndi makina anga osandiyang'ana. Anakwera galimoto kupita kuchipatala.

Dokotala anati zilonda zipola ngati sodayo sawayandikiranso, koma mwina kukoma kwa zinthu sikudzabwerera konse. Anawapatsa mankhwala ochukucha, n'kuwauza kuti azidya zofewa ndi zozizira. Achimwene anagamula pomwepo kuti Bambo asadzapondenso kushedi, ngakhale pageti. Ndinayesa kuwapempha kuti awapatse ntchito ina, yodula ulusi kapena yolongedza.

"Ukuwadziwa Bambo," anatero achimwene. "Ukawaika polongedza, ukangotembenuka uwapeza kumigolo. Ukufuna ndidzawapeze atamwa sodayo?"

Tsiku lotsatira mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera atavala magolovesi atsopano, paketi ya timapepala ili m'thumba. Anaphunzira ntchito yonse nkhomaliro isanakwane, ndipo ulusi wake unatuluka bwino. Ndinafuna kuti alakwitse, koma sanalakwitse.

Madzulo ndikuweruka ndinadzera kwa makolo. Amayi anali kukhitchini, maso ali ofiira, ndipo atandiona anangondigwira phewa. Bambo anali pabalaza, pampando uja. Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo ngati mwana. Panjira ndinali nditakonza mayankho onse. Akati ndinaswa lonjezo, nditi nawonso anaswa lawo. Akati ndawachititsa manyazi, nditi manyazi amapola msanga kuposa lilime. Ndinali wokonzeka kukangana mpaka mawu kutha.

"Unanena ndiwe?" anafunsa, mawu akutuluka movutikira.

"Ndine, Bambo. Ndipo zitachitikanso ndinganenenso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Unachita bwino. Ine ndikanakhala iwe ndikananena."

Zimenezo sindinaziyembekeze, ndipo zinandipweteka kuposa kukalipa. Kunja ana ankasewera mpira mumsewu.

"Mlamu wako akutha?" anafunsa.

Ndinafuna kunama, koma ndinali nditatopa ndi kunama. "Akutha."

"Umuuze asamadzaze mgolo wa soda mpaka pakamwa. Umatayikira pamapazi."

"Ndimuuza."

"Nanga ine mawa ndidzuka kupita kuti, Namoto?"

Pa funso limenelo ndinalibe chomwe ndinakonza. Ndinayang'ana pansi mpaka Amayi anaitana kuti ndikawathandize kukhitchini, ndipo ndinathokoza mumtima kuti andiitana.

M'mawa mwake, popita kuntchito, basi yanga inadutsa mumsewu wa makolo monga mwa masiku onse. Ndinasuzumira pawindo. Bambo anali ataima pageti la nyumba, atasamba, malaya atamangidwa mabatani mpaka m'khosi, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Anthu ankadutsa mothamanga mbali zonse ziwiri. Anaiona basi, anandiona ine, anakweza dzanja. Basi inaima pasiteji yapafupi kutenga anthu, chitseko chili chotsegula, kondakitala akuitana. Bambo anasuntha phazi limodzi, kenako analibweza. Ine ndinakhala pampando wanga, chikwama chili pamiyendo, mpaka chitseko chinatsekedwa.